Malamulo ndi zikalata zofunika posamuka ndi galu kapena mphaka kuchoka ku Kafue

KAFUE, ZAMBIA. Banja limene likusamuka m'tauni ya Kafue pamodzi ndi galu kapena mphaka liyenera kuyamba kukonza zikalata za chiweto chake nthawi ikadalipo, chifukwa zina mwa zikalatazo sizingapezeke pa tsiku la ulendo. Posamukira kuboma lina m'dziko la Zambia momwemo, ntchitoyi ingathe m'masiku ochepa ngati katemera wa chiwetocho ali bwino. Posamukira kudziko loyandikana nalo pamafunika masabata angapo, ndipo popita ku Ulaya pamafunika miyezi yosachepera inayi.

Tauni ya Kafue ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa mzinda wa Lusaka, pamseu waukulu umene anthu ndi katundu amadzera popita kuchigawo cha Kummwera ndiponso kumaiko a Zimbabwe, Botswana ndi South Africa. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi antchito a m'mafakitale amatumizidwa kumalo ena a ntchito nthawi ndi nthawi, ndipo ena amapeza mwayi kunja kwa dziko. Pakati pa mipando, matumba a chimanga ndi mabuku a ana a sukulu, galu wolondera pakhomo ndiye amakumbukiridwa pomalizira, pamene galimoto yonyamula katundu yaima kale pabwalo.

Chifukwa chake malamulowa anakhazikitsidwa

Pafupifupi malamulo onse okhudza kusamutsa agalu ndi amphaka amachokera pa nthenda imodzi, imene ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organisation likunena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 alionse ogwidwa ndi nthendayi, mpaka 99 amaitenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15.

Chimene chimachititsa maboma mantha ndi kubisala kwa nthendayi. Galu wolumidwa ndi galu mnzake kapena ndi nkhandwe angathe kuoneka wamphamvu kwa masabata kapena miyezi, akudya ndi kusewera ndi ana monga mwa masiku onse, pamene kachilombo kakuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera ku ubongo. Mwa munthu, zizindikiro zimaonekera kawirikawiri pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kuti zingathe kufulumira m'sabata imodzi kapena kuchedwa kufikira chaka. Zizindikiro zikangoyamba, wodwalayo sapulumuka, kupatula anthu owerengeka kwambiri padziko lonse.

Motero galu amene wakwera galimoto ku Kafue akuoneka bwino angathe kukadwalira ku Chipata, ku Harare kapena ku London. Dotolo wa ziweto sangazindikire ndi maso okha galu amene kachilomboka kabisala m'thupi mwake. N'chifukwa chake maiko amadalira zinthu ziwiri, zimene ndi umboni wolembedwa wa katemera ndi nyengo yodikira.

Maiko olemera nawonso anaphunzira izi movutikira. Dziko la United States of America linalengeza m'chaka cha 2007 kuti linathetsa mtundu wa chiwewe umene umafala pakati pa agalu, koma m'chaka cha 2015 galu wochokera ku Egypt analowa m'dzikolo ndi chikalata chabodza cha katemera, ndipo anapezeka ndi nthendayi. M'chaka cha 2021 galu winanso wodwala chiwewe analowa m'dzikolo kuchokera ku Azerbaijan. Zochitika zotere ndi zimene zinachititsa kuti malamulo akhwime kwa onse ochokera kumaiko kumene chiwewe chikadalipo, kuphatikizapo Zambia.

Malamulo a dziko la Zambia

Malamulo akuluakulu okhudza nkhaniyi m'dziko la Zambia ndi awiri. Loyamba ndi lamulo la Control of Dogs Act, limene lili pamutu 247 wa malamulo a dziko lino. Lamuloli pamodzi ndi malangizo ake limafuna kuti galu alembetsedwe ndiponso kuti alandire katemera wa chiwewe akakwanitsa miyezi itatu. Kulembetsa kumachitikira kukhonsolo, ndipo kwa anthu a m'tauni muno imeneyi ndi khonsolo ya Kafue.

Lachiwiri ndi lamulo la Animal Health Act la m'chaka cha 2010, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Stock Diseases Act. Lamuloli limapatsa mphamvu nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, ya Department of Veterinary Services, yoyang'anira kayendedwe ka nyama m'dziko, kulowa kwake ndi kutuluka kwake. Nthambiyi ili pansi pa unduna wa za nsomba ndi ziweto, ndipo ili ndi ofesi m'maboma, pamodzi ndi alangizi a ziweto amene amagwira ntchito m'madera a kumidzi. Malo aakulu a boma oyezerako matenda a nyama, a Central Veterinary Research Institute, ali ku Balmoral m'dera la Chilanga, pakati pa Kafue ndi Lusaka.

Ngakhale kuti lamulo lilipo, agalu ambiri salandira katemera. Kafukufuku amene anachitika m'boma la Nyimba kuchigawo cha Kummawa, ndi kufalitsidwa m'chaka cha 2017, anapeza kuti mwa agalu 100 alionse, olandira katemera sanali kufika 10. Koma akatswiri a bungwe la World Health Organisation amanena kuti pamafunika kutemera agalu 70 mwa 100 alionse kuti nthendayi ileke kufala m'dera. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi kukusonyeza chifukwa chimene galu wopanda chikalata amakayikiridwira kulikonse kumene wapita.

Kusamukira kuboma lina m'dziko momwemo

Munthu amene akuchoka ku Kafue kupita ku Kitwe, ku Mongu, ku Petauke kapena ku Livingstone ayenera kupita kuofesi ya za ziweto ya m'boma la Kafue ulendo usanafike, atanyamula chikalata cha katemera wa chiwewe. Chikalatachi chimasonyeza dzina la mwini, maonekedwe a chiweto, tsiku la katemera, mtundu wa mankhwala ndi siginecha ya amene anabaya. Ngati nthawi ya katemerayo inatha, chiwetocho chimabayidwanso. Ofesiyo ndi imene imapereka chilolezo choyendera ndi nyama, chimene chimatchula kumene ikuchokera ndi kumene ikupita, ndipo chimagwira ntchito kwa masiku ochepa okha.

Ofesi yomweyo ndi imene imadziwa ngati m'dera mwabuka chiwewe. Nthendayi ikabuka, boma lili ndi mphamvu yolamula kuti agalu onse amangidwe kapena atsekeredwe pakhomo, ndi kuti pasakhale galu wotuluka kapena wolowa m'deralo kufikira chiletsocho chitachotsedwa. Panthawi yotere agalu opezeka akungoyendayenda angathe kuphedwa.

Galu amene waluma munthu posachedwa sayenera kusamutsidwa. Ayenera kumangidwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, chifukwa galu amene anali ndi kachilombo m'malovu pa tsiku limene analuma amadwala kapena kufa m'masiku amenewo. Wolumidwayo asadikire masikuwo kuti athe. Atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Oyenda chakummwera amadutsa pamlatho wa mtsinje wa Kafue, pamene pamakhala apolisi ofufuza magalimoto. M'nyengo imene matenda a ng'ombe abuka m'chigwa cha Kafue ndi kuchigawo cha Kummwera, kayendedwe ka nyama pamseu umenewu kamayang'aniridwa kwambiri. Chikalata cha katemera ndi chilolezo ziyenera kukhala m'manja mwa mwini kapena woyendetsa galimoto, osati pansi pa katundu. Atafika kumalo atsopano, mwiniyo ayenera kukalembetsa galu wake kukhonsolo ya kumeneko.

Zikalata zofunika potuluka m'dziko

Mfundo yaikulu posamukira kunja ndi yakuti dziko limene chiweto chikupita ndilo limaika malamulo. Ofesi ya ku Kafue kapena ya ku Lusaka imangotsimikizira kuti zimene dzikolo likufuna zakwaniritsidwa. Chotero ntchito imayambira kudziko lolandira, ndipo zikalata zimatsatizana motere.

Choyamba ndi chilolezo cholowetsera chiweto, chochokera kunthambi ya za ziweto ya dziko limene munthu akupita. Maiko ambiri a kummwera kwa Africa amafuna chilolezo chimenechi, ndipo chimapemphedwa chiweto chisananyamuke. Kawirikawiri chimabwera ndi mndandanda wa zofunika, ndiponso ndi fomu imene dotolo wa ziweto wa ku Zambia ayenera kudzaza.

Chachiwiri ndi chizindikiro cha chiwetocho. Masiku ano maiko ambiri amafuna kachipangizo kotchedwa microchip, kofanana kukula kwake ndi njere ya mpunga, kamene kamalowetsedwa ndi jekeseni pansi pa khungu la pakhosi kapena pakati pa mapewa. Kachipangizoka kamasunga nambala ya manambala 15 imene imawerengedwa ndi makina. Sikasonyeza kumene galu ali akasowa, koma kamatsimikizira kuti galu amene waima pachipata ndi yemweyo amene walembedwa pachikalata. Nambalayi iyenera kulembedwa mofanana pa pepala lililonse, chifukwa kulakwitsa nambala imodzi yokha kungachititse kuti zikalata zonse zikanidwe.

Chachitatu ndi chikalata cha katemera wa chiwewe. Maiko amene amafuna microchip kawirikawiri amangowerengera katemera amene anabayidwa kachipangizoka kataikidwa kale, kapena tsiku lomwelo. Galu amene anabayidwa katemera mu Januwale ndi kuikidwa microchip mu Malichi amafunika kubayidwanso, ndipo masiku odikira amayambanso kuwerengedwa. Apa ndi pamene eni ziweto amataya nthawi ndi ndalama zambiri.

Chachinayi ndi chikalata cha umoyo wa chiweto, chimene chimalembedwa dotolo atachiyeza ulendo uli pafupi. Maiko ambiri amafuna kuti chilembedwe m'kati mwa masiku 10 chiweto chisanafike, ndipo chiyenera kusayinidwa kapena kudindidwa ndi dotolo wa boma. Dotolo amene si wa boma, kapena chipatala cha ziweto cha pasukulu ya ukachenjede ya University of Zambia ku Lusaka, angathe kubaya katemera ndi kutenga magazi, koma chidindo cha boma chimafunikabe.

Chachisanu ndi chilolezo chotulutsira chiweto m'dziko la Zambia, chimene chimaperekedwa ndi nthambi ya Department of Veterinary Services itaona kuti zikalata zinazo zili m'malo mwake. Mitengo ya zilolezo imasintha, ndipo mwini chiweto ayenera kufunsa kuofesi ndi kulandira lisiti la boma pa ndalama iliyonse imene walipira.

Njira za pamseu ndi zipata za m'malire

Pang'ono chabe kummwera kwa mlatho wa Kafue, pamalo otchedwa Turnpike, mseu umagawikana pawiri. Wina umatsetserekera kuchigwa cha Zambezi kukafika ku Chirundu, pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera m'tauni. Chipata cha Chirundu chinayamba m'mwezi wa Disembala 2009 kugwira ntchito mwa dongosolo lakuti maofesi a Zambia ndi a Zimbabwe akhale pamalo amodzi. Mseu winawo umadzera ku Mazabuka, Monze ndi Choma kukafika ku Livingstone, ndipo kuchoka kumeneko munthu angathe kuoloka pa mathithi a Victoria kulowa mu Zimbabwe, kapena pamlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa m'mwezi wa Meyi 2021, kulowa mu Botswana.

Opita ku Malawi amabwerera ku Lusaka ndi kutenga mseu wa Great East kukafika ku Chipata ndi pachipata cha Mwami, chimene tsidya lake ndi Mchinji. Chilolezo cholowera ku Malawi chimachokera kunthambi ya Department of Animal Health and Livestock Development ku Lilongwe. Opita kuchigawo cha Tete ku Mozambique amapatuka pa Katete ndi kudzera pachipata cha Chanida. Mabanja ambiri a m'madera amenewa ali ndi abale mbali zonse za malire ndipo amalankhula chinenero chimodzi, koma izi sizichotsa lamulo. Galu wochoka ku Chipata kupita ku Mchinji waoloka malire a dziko mofanana ndi amene wakwera ndege.

Chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi chilolezo chodutsira. Dziko la Zambia silichita malire ndi South Africa, choncho woyenda pamseu amadutsa mu Zimbabwe kukatulukira pa Beitbridge, kapena mu Botswana. Dziko lodutsamolo lili ndi malamulo akeake, ndipo mwini chiweto ayenera kupempha chilolezo kunthambi yake ya za ziweto ngakhale kuti sakakhala kumeneko. Ndi bwinonso kufika pachipata masana, pa tsiku la ntchito, chifukwa ofesi yoona za nyama singakhale yotsegula maola onse amene chipatacho chimatsegulidwa.

Ulendo weniweniwo ufunika kuukonzekera. Chigwa cha Chirundu chimatentha kwambiri m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo galu wosiyidwa m'galimoto yotseka mazenera, pamene mwini wake ali pamzere wodindira ziphaso, angathe kufa ndi kutentha m'nthawi yochepa. Pafunika madzi akumwa, mthunzi ndi chingwe cholimba. M'chigwa chomwecho muli ntchentche za kashembe zimene zimafalitsa matenda kwa agalu, ndipo pafunikanso mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri.

Zimene dziko la South Africa limafuna

Anthu ambiri a ku Zambia ndi ku Malawi amakhala ndi kugwira ntchito ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town. Dziko la South Africa limafuna chilolezo cholowetsera chiweto chochokera kunthambi ya za umoyo wa nyama ya unduna wa za ulimi ku Pretoria, limafuna microchip, ndiponso katemera wa chiwewe. Ngati katemerayo ndi woyamba, ayenera kukhala atabayidwa masiku osachepera 30 ulendo usanachitike, koma pasanathe miyezi 12.

Kwa agalu, dzikolo limafunanso umboni wakuti alibe matenda ena a m'magazi ndi a njira yoberekera, amene maina awo m'zikalata ndi Brucella canis, Trypanosoma evansi, Babesia gibsoni, Dirofilaria immitis ndi Leishmania. Chilolezo chimene munthu walandira ndicho chimanena matenda oyenera kuyezedwa malinga ndi dziko limene galu akuchokera, masiku amene magazi ayenera kutengedwa, chipata cholowera, ndiponso ngati galuyo adzasungidwa padera atafika. Chiweto chobwera pandege chimalowa monga katundu wolembetsedwa payekha, osati monga chikwama cha munthu wapaulendo.

Maiko a ku Ulaya, Britain ndi America

Maiko a m'bungwe la European Union pamodzi ndi dziko la Britain amagawa maiko a padziko m'magulu malinga ndi m'mene chiwewe chilili, ndipo Zambia ili m'gulu limene limafunika kuyezedwa magazi. Dongosolo lake ndi ili. Galu kapena mphaka amaikidwa microchip. Amabayidwa katemera wa chiwewe ali ndi masabata osachepera 12. Pakapita masiku osachepera 30, dotolo amatenga magazi ndi kuwatumiza kulabotale yovomerezedwa ndi maikowo, kuti akaone ngati katemerayo wagwira ntchito m'thupi. Muyezo wofunika ndi 0.5 IU pa mililita imodzi ya magazi kapena kuposerapo. Kenaka chiwetocho chimadikira miyezi itatu kuyambira tsiku limene magazi anatengedwa. Labotale yodziwika kwambiri pa ntchito ya chiwewe m'chigawo chino cha Africa ili ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria.

Kuwerengera masikuwa kukusonyeza kutalika kwa njirayi. Kamwana ka galu kobadwa pa 1 Januwale kangabayidwe katemera kumapeto kwa Malichi, magazi ake angatengedwe kumapeto kwa Epulo, ndipo sikangalowe ku Ulaya mwezi wa Julayi usanafike kumapeto. Ngakhale galu wamkulu amene akuyamba dongosololi lero amafunika miyezi inayi, ndipo ngati magazi ake salephera kufika pamuyezo, zonse zimayambiranso pa katemera. Miyezi itatu yodikirayo siikhudza mphamvu ya katemera ayi. Cholinga chake ndi chakuti ngati chiwetocho chinatenga kachilombo chisanabayidwe, nthendayo ionekere chikadali kwawo.

Dziko la Britain, pamodzi ndi maiko ena ochepa monga Ireland, Finland, Malta ndi Norway, limafunanso kuti galu amwetsedwe mankhwala a njoka za m'mimba ndi dotolo pakati pa maola 24 ndi 120 asanalowe. Chiweto chimene sichinakwaniritse malamulo a Britain chingathe kusungidwa padera kufikira miyezi inayi, mwini wake ndiye akulipira.

Ku United States of America, malamulo atsopano a bungwe la Centers for Disease Control and Prevention anayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024. Galu aliyense wolowa m'dzikolo ayenera kukhala ndi miyezi yosachepera 6, kukhala ndi microchip, kuoneka wathanzi, ndiponso mwini wake ayenera kudzaza fomu ya bungwelo pa intaneti. Galu amene analandira katemera m'dziko limene chiwewe chili chofala, monga Zambia, amafunikanso chikalata chapadera chodindidwa ndi dotolo wa boma, ndi malo osungitsiratu panyumba yoyezera nyama yovomerezedwa ndi bungwelo, pabwalo la ndege limene lili ndi nyumba yotero. Ngati alibe zotsatira zovomerezeka za magazi, amasungidwa padera kwa masiku 28.

Ulendo wa pandege

Anthu a ku Kafue amakwerera ndege zopita kunja pabwalo la Kenneth Kaunda International Airport ku Lusaka. Makampani a ndege amatsatira malamulo onyamulira nyama zamoyo a bungwe la International Air Transport Association. Bokosi liyenera kukhala lolimba, lolowa mphepo, losadontha pansi, lokhala ndi chomwera madzi, ndiponso lalikulu mokwanira kuti chiweto chithe kuimirira, kutembenuka ndi kugona bwino. Ndi chanzeru kuchizolowetsa kugona m'bokosilo masabata angapo ulendo usanafike.

Madotolo a ziweto salimbikitsa kupatsa nyama mankhwala ogonetsa pandege, chifukwa amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kusokoneza kapumidwe. Makampani ena amakana agalu ndi amphaka a mphuno zazifupi, amene amavutika kupuma kukatentha. Popeza ndege zambiri zochoka ku Lusaka kupita kutali zimayamba zatera ku Johannesburg, Addis Ababa, Nairobi, Doha kapena Dubai, mwini chiweto ayenera kufunsa kampaniyo za malamulo a bwalo losinthirapo asanagule tikiti.

Mbalame ndi nyama zakutchire zowetedwa pakhomo

Zinkhwe, akamba, anyani ndi nyama zina zakutchire zimene anthu ena amasunga pakhomo zili pansi pa malamulo enanso. M'dziko la Zambia nyama zotere zimatetezedwa ndi lamulo la Zambia Wildlife Act la m'chaka cha 2015, limene limayendetsedwa ndi nthambi ya Department of National Parks and Wildlife. Kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambiyi ndi mlandu, ngakhale munthu asanaganize zosamuka nayo.

Pooloka malire pamabweranso pangano la maiko la CITES, loletsa malonda oononga nyama ndi zomera zimene zili pangozi yakutha. Chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chimene chimatsanzira mawu a anthu, chinaikidwa pamndandanda woyamba wa panganoli pamsonkhano wa ku Johannesburg m'chaka cha 2016, ndipo chiletsocho chinayamba m'mwezi wa Januwale 2017. Mbalame yotere singatuluke m'dziko popanda zilolezo za CITES kuonjezera pa zikalata za umoyo. Maiko ambiri amakhwimitsanso malamulo a mbalame zonse chifukwa cha chimfine cha mbalame ndi chitopa.

Zimene zimachitika zikalata zikaperewera

Chiweto chofika pachipata popanda zikalata zokwanira chingathe kubwezedwa kumene chachokera, kusungidwa padera, kapena kuphedwa ngati palibe njira ina. Ndalama zonse zimatuluka m'thumba la mwini wake. Kugula chikalata cha katemera amene sanabayidwe ndi mlandu, ndiponso kumaika pangozi ana a m'nyumba momwemo, amene ndiwo amasewera ndi galuyo tsiku ndi tsiku.

Malamulowa amagwiranso ntchito kwa obwerera kwawo. Munthu amene akubwera ku Kafue ndi galu kapena mphaka kuchokera ku Lilongwe, Bulawayo kapena Johannesburg ayenera kupempha chilolezo cholowetsera chiweto kunthambi ya Department of Veterinary Services asananyamuke, ndi kunyamula chikalata cha katemera ndi cha umoyo zodindidwa ndi boma la dziko limene akuchokera.

Amene waona kuti sangakwanitse nthawi kapena ndalama zofunika angathe kusiya chiwetocho m'manja mwa mbale kapena mnansi wodalirika, pamodzi ndi chikalata chake cha katemera, ndi kudziwitsa khonsolo za mwini watsopano. Galu wosiyidwa panyumba yopanda anthu amayamba kufuna chakudya kumsika ndi kumadzala, amalumana ndi agalu ena, ndipo katemera wake sabwerezedwanso.

Maiko a padziko lonse, kudzera m'mabungwe a World Health Organisation, Food and Agriculture Organisation, World Organisation for Animal Health ndi Global Alliance for Rabies Control, anagwirizana m'chaka cha 2015 kuti pofika chaka cha 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu. Tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi nthendayi ndi 28 Seputembala chaka chilichonse, tsiku limene katswiri wa ku France, Louis Pasteur, anamwalira m'chaka cha 1895, patapita zaka 10 kuchokera pamene anayesa katemera wake woyamba pa munthu. Tsikuli linayamba kukumbukiridwa m'chaka cha 2007, ndipo m'nyengo imeneyi nthambi za ziweto m'maiko ambiri zimachititsa misonkhano yotemera agalu. Mwini galu amene amabayitsa chiweto chake panthawi yake ndi kusunga bwino chikalatacho amakhala atakonza kale pepala limene ofesi iliyonse, kuyambira ya ku Kafue kufikira ya pachipata cha dziko lakutali, imayamba kufunsa.